Galimoto Yotengera Nevena

Alamu anga a Stamen anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi zinayi, kuchokera m'tauni ya Dupnitsa kukwera kumidzi yathu ya m'phiri n'kubwerera, ndipo pa zaka zonsezo palibe amene anawaonapo akuzengereza pa nkhani ya galimoto. Injini ankaimvetsera ndi sikuludiraiva, nsonga pachitsulo, chogwirira pakhutu, kenaka n'kukuuza pamene pakudwala. M'basi mwawo simunkadyedwa kanthu, ngakhale nthangala za mpendadzuwa. Mwana wasukulu akataya khoko limodzi, basi inkaima mpaka atatola.

Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi kwenikweni. Anakwatira mkulu wanga Nevena ine ndili mtsikana, ndipo kuyambira tsiku laukwati ndinawaona kuti ndi aja odziwa zonse, amene amakuphunzitsa kagwiridwe ka mpeni m'khitchini mwako momwe. Iwonso ankanditcha wailesi, eti chifukwa sindizima. Nevena ankangotiseka. Iye anagwira ntchito yosankha fodya kufakitale mpaka fakitale itatsekedwa, kenaka anabwerera kudimba lake, ndipo m'nyumba imeneyo ndi iye yekha amene ankatha kuwauza alamu kuti khalani chete iwo n'kukhaladi chete.

Nevena anagwa mu Ogasiti, akuwotcha tsabola wosungira nthawi yozizira. Mabotolo anali atatsuka kale, atawandandalika patebulo lapanja. Alamu pobwera kogula buledi anamupeza ali gone pambali pa kachitofu, tsabola akupserera. Sitiroko inamutengera mbali yonse yakumanja pamodzi ndi mawu omwe. Chakudza sichiimba ng'oma, m'mawa womwewo tinali titakangana pafoni za shuga amene ndinabwereka.

Alamu sanalire. Ndikanakonda akanalira, chifukwa munthu wolira umadziwa pomugwira. Iwo anangozima. Ankakwera basi ya m'mawa kupita kuchipatala, n'kukhala pambali pa bedi chipewa chili pabondo, madzulo n'kubwerera. Ankadya chiimire, buledi ndi tchizi, tsiku ndi tsiku. Tsabola uja anamaliza okha kuwotcha, anasenda, anathira m'mabotolo onse n'kuwiritsa monga ankaonera kwa mkazi wawo, koma anaiwala mchere. Nditawauza anati, "Oho," basi.

Mwana wawo ndi mmodzi, Ralitsa, ndipo amakhala ku Spain. Ntchito yake kumeneko ndi yosamalira nkhalamba za eni, kuzisambitsa, kuzitembenuza, kuzinyamula. Choncho atayankhula sitikanati ndi mwana wosadziwa kanthu. Achipatala anali atanena kuti amutulutsa Nevena Lachisanu loyamba la Okutobala, ndipo kuti azibwera kumafizo katatu pa sabata. Kuchokera kumudzi kufika m'tauni ndi makilomita makumi awiri ndi awiri okhotakhota. Ralitsa anapeza malo kunyumba ina yosungirako okalamba, ndipo eni ake analonjeza kumusungira bedi mpaka Lachisanu lomwelo. Ralitsayo anawauza bambo ake mosapsatira kuti ngati angathe kukweza ndi kutsitsa mayi ake m'galimoto okha, popanda wowathandiza, mayi apite kwawo. Ngati sangathe, apite kunyumba ija. Sanali wankhanza ayi. Iye ankadziwa kulemera kwa munthu wakufa mbali imodzi, ife tinkangoganizira.

Kagalimoto kawo kakale kanali ka zitseko ziwiri, pansi pake dzimbiri litaboola moti ukakhala kumbuyo unkaona msewu ukuthamanga. Ralitsa anatumiza ndalama kuti agule ina.

Kwathu kuno galimoto zakale n'zosasowa. Ukangotuluka m'tauni, mbali zonse za msewu ndi mipanda yawaya, m'kati mwake galimoto zochokera ku Italy zili thithithi, mitengo yake italembedwa pagalasi. Wogulitsa aliyense amalumbira kuti mwini wake anali dokotala wokalamba amene ankangopitira kutchalitchi. Ku Italy kuyenera kuti kuli madokotala opemphera ambiri zedi. Alamu anapita kumpanda wa Krum, mwana wa mnzanga amene tinkasoka limodzi kufakitale ya malaya, ndipo pasanathe ola anali atasiya zonse n'kutsala ndi ziwiri.

Zinali ngati mapasa, zonse zazitali kumbuyo, zitseko zinayi, mtengo wake kusiyana pang'ono chabe. Ina inali yabuluu, yonyezimira, makilomita ochepa ngati ungakhulupirire mita ya kumpanda, ndipo inali ya gasi. Inayo inali yotuwa, yakale ndi zaka ziwiri, ya dizilo, chitseko chakumbuyo chitaphwanyika pang'ono, m'kati mukununkha galu. Mipando yake inali yokwererapo pang'ono. Kupatula zimenezi, unkachita kuyang'ana kawiri.

Tsono gasi kwathu ndi chipembedzo. Mwamuna wogula galimoto asanafunse za mabuleki amayamba wafunsa ngati ili ndi gasi, chifukwa mtengo wake ndi pafupifupi theka la petulo, ndipo woyendera china chilichonse timamuona ngati munthu woyatsa fodya ndi ndalama. Azibambo onse a pasitolo yakumudzi, amene ambiri a iwo alibe ndi njinga yomwe, anagamula mlanduwo tsiku lomwelo. Anati makilomita makumi anayi ndi anayi, katatu pa sabata, pa penshoni ya dalaivala, n'chiyaninso chofunsa? Yabuluu.

Alamu anapita Lolemba. Anayendetsa maginito m'mbali mwa zonse ziwiri kufunafuna pamene anamatapo, anakwawira pansi, ananunkhiza oilo, anamvetsera injini. Anabwerera osagula. Lachiwiri anachitanso zomwezo. Lachitatu m'mawa anangoima pakati pa ziwirizo, manja m'thumba, mpaka Krum anawatulutsira mpando ndi khofi. Mayi ake a Krum ndi amene ananditsina khutu. Anati mlamu wako wasanduka mlonda kumpanda kwa mwana wanga, makasitomala ayamba kumufunsa mitengo.

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu amene anatiphunzitsa tonse za galimoto kwa zaka makumi anayi, lero masiku atatsala awiri akulephera kuloza ndi chala. Ndinali nditavala kale jekete kuti ndikawauze kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, pamene belu la pakhomo linalira.

Ndimakhala m'fulati, pamwamba pachitatu, ndekha chimwalirireni amuna anga. Sindidandaula. Ndili ndi chitofu chabwino, maluwa pakhonde, ndipo palibe wondifunsa kuti supu ili kuti. Pa zaka zonsezi alamu anali atakwera masitepe amenewo mwina kanayi. Nditatsegula ndinawapeza akupuma mwawefuwefu, atanyamula chikuku cha odwala chopinda chimene anabwereka kuchipatala.

"Alamu, mumalemera bwanji?" anandifunsa.

"Kodi mwayamba misala?"

"Inu ndi Nevena mumabwerekana madiresi," anatero. "Tiyeni."

M'basi anandifotokozera, maso ali kutsogolo. Anati injini zonse ziwiri n'zabwino, ndipo zimenezo anazidziwa Lolemba lomwe. Chimene sankadziwa n'chakuti ndi iti imene angathe kumukwezamo ndi kumutsitsamo, ndipo Nevena weniweni sangamutulutse m'chipatala kukayesera. Choncho ine ndikhale Nevena. Dzanja lakumanja ndiike m'thumba la jekete, mwendo wakumanja ukhale wakufa, ndipo ndisayankhule. Ndinawauza kuti ziwiri zoyambazo nditha.

Titafika kumpanda, Krum ataona ndikukhala m'chikuku anayamba kuseka, eti, "Azakhali a Zorka, lero muli pa ukwati?" Alamu sanamuyang'ane n'komwe. Anandipinda dzanja, anandiikira phazi pachopondera, n'kundikankha pamiyala mpaka pa yabuluu. Mwana uja kuseka kunamuthera.

Choyamba anayesa buti. Thanki ya gasi ya yabuluu inali yaitali ngati mgolo, itagona chopingasa kuseri kwa mipando, ndipo chikuku chinakana kulowa. Anachitembenuza uku ndi uku, anachotsa zopondera, chinakanabe. Azibambo onse a pasitolo aja, pa kuwerengera kwawo konse, palibe ndi mmodzi yemwe anakumbuka kuti gasiyo amafuna pokhala. Krum, amene ankawatcha Bai mwaulemu monga timachitira ndi akuluakulu kwathu, anati si vuto, Bai Stamen, chizikhala pampando wakumbuyo, ndani akhalapo? Alamu anavomera ndi maso okha.

Kulowa kunali kosavuta, poti mpando unali pansi. Anandigwira m'khwapa, ananditembenuza, ndinangogweramo ngati thumba la mbatata. Kutuluka ndiye kunali nkhani. Anatulutsa miyendo yanga, anawerama, anati ndiwakolowekere dzanja lamoyo m'khosi, n'kukoka. Ndinanyamuka pang'ono. Anakokanso. Ndinamva msana wawo ukulira, kenaka tonse awiri tinali pansi, ine nditatsamira chitseko, iwo atagwada pamiyala.

Sanadzuke. Anakhala chigwadire, nkhope ili pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndipo patapita nthawi anapukuta fumbi ndi chala n'kuwerenga manambala a patayalapo. Anati matayalawa ndi a zaka zisanu zapitazo, afunika kusintha chisanu chisanafike. Mawu awo anali ngati a munthu wolengeza masiteji. Ine ndinali pansi pomwepo, dzanja lili m'thumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawamvera chisoni alamu anga. Zinandinyansa, chifukwa kudana nawo kunali kopepuka.

Krum anafuna kutidzutsa, iwo anamukaniza. Anagwira chitseko n'kuimirira pang'onopang'ono. Ine ndinadzuka ndekha, ndinakhalanso m'chikuku, ndinabwezera dzanja m'thumba. Tinapita pa yotuwa.

Mmenemo chikuku chinalowa chonse, malo n'kutsalako. Mpando wakutsogolo unali wofanana msinkhu ndi chikuku, choncho chofunika chinali kungondiimiritsa, kunditembenuza, n'kundikhazika. Anamanga mabuleki a chikuku. Anayang'ana mapazi awo, anawasuntha. Anandigwira m'khwapa. Ankanunkha fodya ndi mafuta opaka msana, ndipo tsaya lawo losameta linandikanda khutu. Anawerenga mpaka katatu n'kukoka.

Ndinali nditanyamuka pang'ono chabe, ndipo ndinadziwa, monga umadziwira kuti mphika ukutayika usanatayike, kuti sakwanitsa. Ndinaona Nevena ali pabedi la eni, akuyang'ana khoma, wopanda mawu ofunsira madzi. Pamenepo phazi langa lakumanja, lakufa lija, linaponda miyala n'kukankha.

Ndakhala ndikudziuza kuti linakankha lokha. Si zoona. Ndinakankha ine. Ndinaimirira, ananditembenuza, ndinakhala pampando bwinobwino. Ananditsitsa, ndinakankhanso. Tinachita katatu, ndipo katatu konse ndinakankha, pang'ono pokha, mobisa, siketi yanga yaitali itaphimba.

Krum anayesa komaliza. Anati, "Bai Stamen, dizilo ikudyani wamoyo. Thanki ija titha kuika yozungulira pamalo pa tayala lasipeya, n'zochepa zimenezo." Alamu anati thanki ingasunthe koma mpando sungakwere, ndipo anatulutsa envelopu. Anakangana pang'ono za chitseko chophwanyika chija, mwamwambo chabe, Krum n'kuchotsako pamtengo maleva zana limodzi, ndalama zakwathu. Makiyi anawalandira ngati akulandira chenji cha buledi.

Madzulo ake Ralitsa anaimba foni, koma anaimbira ine, osati bambo ake. Mwanayo si wopusa.

"Mayi aang'ono, ndiuzeni zoona. Anakwanitsa okha?"

"Okha."

"Inu simunawathandize?"

"Ndiwathandize ine? Bambo akowo? Ukundidziwa bwino."

Anaseka, kenaka analira, ndipo anati mwina wawaderera bambo ake. Lachinayi m'mawa anaimbira anthu a kunyumba ya okalamba ija kuti bedi lija apereke kwa wina. Panali mndandanda wa odikira, ndipo pofika masana linali litapita. Atandiuza ndinati wachita bwino mwanawe. Ndinatsuka makatani tsiku limenelo, ngakhale anali oyera, ndinachapa chilichonse chimene ndinachipeza. M'kati mwanga munangoti zii, ngati chala chimene wachimanga ndi ulusi.

Kumudzi azibambo a pasitolo anaizungulira yotuwa ija n'kumapukusa mitu. Wina anati Stamen wakalamba, wagula galimoto ya galu. Wina anawerengera pa pepala la fodya kuti pa chaka adzataya zingati. Alamu anatha tsikulo akuitsuka m'kati ndi viniga, anayala bulangete la Nevena pampando wakutsogolo, anakhoma matabwa awiri pamasitepe a pakhomo kuti chikuku chizikwerapo.

Lachisanu ndinapita kumudzi ndi basi yoyamba kuti ndikakonze bedi. Pamene alamu ankatulutsa galimoto pageti, ndinaona aima, injini ikulira, akuyang'ana khomo la khitchini. Zaka zonse za ntchito yawo, paulendo uliwonse waukulu, Nevena ankatuluka ndi kapu yamadzi n'kuthira patsogolo pa matayala kuti ziwayendere ngati madzi. Ndinatunga madzi ndinathira. Kenaka ndinakwera kumbuyo.

Kuchipatala nesi anatitulutsira Nevena mpaka pakhomo, anatipatsa thumba la mankhwala ndi pepala la masiku a mafizo, n'kuthamangira m'kati poti ankamuitana. Nevena anali atawonda moti jekete yake inkaoneka yobwereka. Tsitsi anamupesa molakwika, mzere uli mbali ina. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mwamuna wake, mbali yamoyo ya pakamwa pake n'kugwedezeka pang'ono. Ndinaganiza kuti poti wawonda chonchi, mwina zitheka.

Alamu anachita zonse monga tinayesera. Anamanga mabuleki, anasuntha mapazi, anamukolowekera dzanja lamanzere m'khosi mwawo, anawerenga mpaka katatu. Nevena ananyamuka pang'ono n'kubwerera. Munthu wakufa mbali salemera ngati wamoyo. Amaterera, amapendekera kumene sukuyembekezera, ndipo mwendo uja unkangokwekwereka pansi, nsapato itatembenuka. Anayesa kachiwiri. Kumbuyo kwathu takisi inayamba kuimba hutala. Kachitatu bondo lawo linapindika, ndipo anamubwezera m'chikuku mwamphamvu moti mano ake anagundana.

Nevena sanawayang'ane iwo. Anayang'ana ine. Tinagona bedi limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe bodza langa limene linamudutsapo.

"Alamu," ndinatero, "tsiku lija ndinkakankha. Ndi mwendo uwu. Katatu konse."

Anali atawerama, manja ali pamawondo, thukuta likugwera pansapato.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndanyamula anthu oledzera m'basi zaka makumi atatu. Wokankha ndimamudziwa."

"Nanga bwanji simunanene? Mwana uja wapereka bedi!"

"Ndinkafuna alipereke," anatero. Anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kuchivalanso. "Gwirani lamba wa kumbuyoko."

Ndinali ndi mawu ambiri, ndipo onse anali oyenera. Munthu ameneyu anakwera masitepe anga ndi chikuku akudziwa kuti sadzatha, akudziwanso kuti ine sindidzapirira kumuona akugwa kawiri. Anandiyeza monga ankayezera injini. Koma takisi inali ikulirabe, Nevena anali akunjenjemera ndi mphepo, ndipo ine ndinazungulira n'kugwira lamba wa siketi yake. Anawerenga mpaka katatu. Awirife tinamunyamula mosavuta n'komwe.

Anamumanga lamba wa galimoto, anamuikira dzanja lakufa pamiyendo, anatseka chitseko mosamala. Chikuku chinalowa m'buti. Ine ndinakhala kumbuyo, thumba la mankhwala lili pamiyendo, pepala la mafizo lili m'manja. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, mpaka pansi pa pepala, ndipo kuseri kwake kunalinso masiku.

Msewu wopita kumudzi umadutsa pafupi ndi mdadada wathu. Titayandikira, alamu anachotsa phazi pamoto, anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

"Ndikusiyeni apa?"

"Nanga akamutsitse ndani?"

Anayang'ananso kutsogolo. Anabwezera phazi pamoto. Zochapa zanga za dzulo lake zinali zikadali pachingwe, pakhonde lachitatu, makatani ndi malaya ogonera, zitauma kale. Ndinaziyang'ana mpaka pamene tinakhota, ndipo sindinawauze kuti aime.